Magulu a rock a ku Copperbelt amene ambiri anawaiwala

Mwafunsa ngati kuno kwathu kunakhalako magulu oimba nyimbo za rock amene sanatchuke kunja. Analipo ndithu, makamaka ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, ndipo maimbidwe awo masiku ano amatchedwa Zamrock. Malume anga, amene ankagwira ntchito kumigodi ya mkuwa, anabwerako ndi mbale za galamafoni za WITCH, Ngozi Family ndi Amanaz, ndipo ndimakumbukirabe kulira kwa gitala kosasa mawu kuja pamene singano inkadumpha pa mbale zokandika.

Kwa ine, chimbale cha Amanaz cha 1975 chotchedwa Africa n'chimene chimaposa zonse, ngakhale kuti anyamata amenewa a ku Kitwe, mzinda wa m'chigawo cha migodi cha Copperbelt, sanatulutsenso china. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti wayilesi iziulutsa kwambiri nyimbo za m'dzikomo, magulu otere anapeza mpata, koma mtengo wa mkuwa utagwa anthu anasowa ndalama zolowera kumadansi, kenaka Edzi inatenga oimba ambiri. Emmanuel "Jagari" Chanda wa WITCH anapulumuka, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango.