Mu thiranki ya agogo muli za kiriketi, ndigulitse?

FUNSO: Akulu, agogo anga aamuna anali khukhi wa mzungu wina wa boma nthawi ija likulu lili konkuno ku Zomba, ndiye atamwalira chaka chatha tinapeza thiranki kunsi kwa bedi, mkatimo muli bat (thabwa lomenyera mpira) ya kiriketi yosayinidwa mayina ndi inki, mabuku awiri achikasu onenepa olembedwa Wisden, timakadi ta mufodya ta zithunzi za osewera, ndi kope lomwe bwana uja ankalembamo za magemu awo. Pali mkulu wina akuti andipatse kangachepe atenge zonse. Ine ndimati ndiyambe ndaipala bat ija ndi sandipepa nkupaka vanishi kuti iwale mtengo ukwere. Ndikulakwitsa kapena?
Mdzukulu, Chinamwali

YANKHO: Achimwene, sandipepayo ikani pansi kaye chonde. Bat amasema kuchokera ku msondodzi, mtengo wofewa, ndipo inkiyo imangokhala pamwambamwamba, mukangopala kawiri mayina aja apita, mutsala ndi thabwa basi. Otolera zinthu zakalezi amafuna zikhale momwe zinalili, ndi zipsera za mpira zomwe. Nsalu youma ndi yokwana. Mafuta aja amapaka bat yosewerera musayerekeze pano.

Za ndalama ndikuuzeni zoona musayambe kuwerengera malata. Wisden ndi buku la mbiri ndi zotsatira za magemu a kiriketi, anaiyambitsa John Wisden ku London mu 1864 ndipo imatuluka chaka ndi chaka, kuyambira 1938 chikuto chake chimakhala chachikasu nthawi zonse. Ndiye onani chaka. Za m'ma 1950 ndi 1960 zilipo zambiri, mtengo wake si wodabwitsa, koma za nthawi ya nkhondo yachiwiri anasindikiza zochepa chifukwa mapepala ankasowa, zimenezo anthu amazisaka. Ya chikuto cholimba imaposa ya chofewa, komanso masamba a malonda aja asakhale othothoka. Timakadito, ngati ta kampani ya fodya ya John Player ta m'ma 1930, tinkatuluka 50 pa seti ndipo tinali mbwee, sitikulemeretsani.

Ngakhale siginecha ya munthu wotchuka si nthawi zonse imakhala chuma. Don Bradman, katswiri wa kiriketi wa ku Australia, uja avereji yake ya marani (mapointi a kiriketi) inali 99.94, ankayankha makalata a anthu nkumasayina mpaka ukalamba wake, moti dzina lake lili paliponse, ena achinyengo amaliberanso.

Ine mtima wanga uli pa kopelo. Wisden ina iliyonse ili ndi anzake kunjaku koma kope la munthu amene ankasewera kuno ku Nyasaland, ndi dzanja lake, kulemba kuti lero tasewera ndi a ku Blantyre wakuti watuluka ndi marani angapo mvula yatisokoneza, limenelo ndi limodzi lokha dziko lonse lapansi. Ndipo ndi limene lingakuuzeni kuti mayina a pa bat aja ndi a ndani, ndiye ziwirizi musazilekanitse. Muli ndi mwayi poti National Archives, kosungira zikalata zakale za dziko lino, ili pomwepo pa Mkulichi Road, tengani madeti a m'kopemo mukafananize ndi nyuzipepala yakale ya Nyasaland Times, mufunsenso ku Gymkhana Club komwe azungu aboma ankasonkhana. Werengani bwinobwino m'mphepete mwa masamba, mwina mupezamo dzina la agogo anu, poti tiyi wa pakati pa gemu sankadziphika yekha eti.

Kasungidwe ndiye nkhani ku Zomba kuno, chinyezi cha phiri lija mukuchidziwa. Malume anga anasunga manyuzipepala akale mu katoni yotsamira khoma, dzinja limodzi lokha chiswe chinadya mpaka titanyamula katoniyo pansi panangotsala dothi. Chotsani zonse pansi, ikani pa shelefu patali ndi khoma, musamange mu jumbo chifukwa zimachita thukuta nkumera nguwi. Kuyanika pamthunzi osati padzuwa, inki imafwifwa. Selotepu ayi, lamineti ayi, tsamba long'ambika lisiyeni choncho. Jambulani tsamba lililonse pa foni, ndipo ngati agogo aakazi alipo khalani nawo pansi akuuzeni dzina la bwanayo, nyumba yake inali iti, anachoka chaka chanji, mulembe papepala lapadera.

Mkulu wa kangachepeyo muuzeni adikire mpaka mutachokera ku Archives. Akayamba kukakamira kuti lero lomwe, mufunseni kuti mwa zonsezo akufunitsitsa chiti.