Pulojekiti ya ma carbonitride m'chitsulo: muyambire pati?

Wophunzira wa chaka chomaliza cha uinjiniya wa zitsulo wafunsa kuti: "Andipatsa mutu wa thermodynamics ya ma carbonitride m'zitsulo za microalloyed. Ndiyambire pati, nanga zimenezi zingandipezetse ntchito?"

Yambani ndi pepala ndi cholembera, kompyuta ibwere pambuyo. Chitsulo cha microalloyed ndi chitsulo cha kaboni wochepa chomwe athiramo niobium, titanium kapena vanadium pang'ono chabe, kawirikawiri osafika 0.1% chilichonse. Zitatuzi zimagwirana ndi kaboni ndi nayitrojeni n'kupanga timibulu tolimba totchedwa ma carbonitride. NbC ndi NbN, ngakhalenso TiC ndi TiN, zili ndi kamangidwe kofanana ndi ka mchere wa NaCl, motero kaboni ndi nayitrojeni amasinthana malo m'kambulu kamodzi komweko. N'chifukwa chake timalemba Nb(C,N). Pulojekiti yonse yatsamira pa funso limodzi: pa kutentha kwakuti, timibuluti tasungunuka mu austenite (kamangidwe ka chitsulo chikatentha kwambiri) kapena tikadalipo?

Yankho loyamba limachokera ku solubility product, equation yosonyeza kuchuluka kwa niobium, kaboni ndi nayitrojeni zomwe zingasungunuke pa kutentha kwakuti. Yodziwika kwambiri ndi ya Irvine ndi anzake ya mu 1967: log [Nb][C + 12N/14] = 2.26 − 6770/T, pomwe T ndi kutentha mu Kelvin ndipo Nb, C ndi N zili mu mass percent. Tiyerekeze kuti chitsulo chili ndi niobium 0.04%, kaboni 0.08% ndi nayitrojeni 0.005%. Mukachulukitsa mupeza 0.0034, log yake −2.47, ndipo T imatuluka pafupifupi 1430 K, omwe ndi madigiri 1160 a Celsius. Tsopano kwezani kaboni afike 0.15%, zinazo muzisiye momwemo. Kutentha kofunika kwalumpha kufika pa madigiri pafupifupi 1240. Ng'anjo zotenthetsera slab (chibuma chachikulu cha chitsulo) zimayenda pakati pa madigiri 1150 ndi 1250, choncho chitsulo chachiwirichi chili m'malire, ndipo niobium amene sanasungunuke ndi ndalama yotayika chifukwa sadzagwira ntchito pa rolling, pamene chitsulo chimapsinjidwa ndi ma roller.

Ophunzira ambiri amagwa pa zinthu ziwiri apa. Amaika T mu Celsius m'malo mwa Kelvin, kapena amasakaniza mass percent ndi mole fraction. Muyembekezerenso kuti ma equation a ofufuza osiyana akupatsani mayankho otalikirana ndi madigiri makumi angapo. Lipoti labwino limanena equation yomwe lagwiritsa ntchito ndi chifukwa chake.

Niobium wosungunuka amatulukanso ngati timibulu ting'onoting'ono chitsulo chikamapsinjidwa pa rolling, n'kuletsa austenite kupanga ma grain (timakristalo topanga chitsulo) atsopano. Austenite wophwatalalayo akazizira amabala ferrite (kamangidwe ka chitsulo chikazizira) wa ma grain aang'ono, ndipo ubwino wake ndi wakuti chitsulo chimalimba koma osasanduka chosweka msanga. Phunzirani ubale wa Hall-Petch ndi equation ya Zener, mudzazifuna polongosola zimenezi.

Titanium ndiye wofunika kumusamala. TiN ndi yokhazikika kwambiri, sisungunuka m'ng'anjo ya slab, ndipo imagwira malire a ma grain kuti asakule, ngakhale pafupi ndi pamene pawotcheredwa. Kuti titanium amange nayitrojeni yense pamafunika magawo 3.42 pa gawo limodzi la nayitrojeni poyeza kulemera, ndiye nayitrojeni 0.005% amafuna titanium 0.017%. Zikachuluka zonse ziwiri, TiN imayamba kupangika chitsulo chisanaume, imatuluka ikuluikulu ya ngodya zakuthwa, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Vanadium sivuta kusungunuka, imatuluka mochedwa mu ferrite n'kulimbitsa chitsulo.

Mukamvetsa zimenezi m'pamene mutsegule pulogalamu ya CALPHAD, njira yowerengera pa kompyuta zomwe zingapangike m'chitsulo pa kutentha kwakuti. Njirayi imayala kambulu ngati (Nb,Ti,V)(C,N), potsatira sublattice model ya Hillert ndi Staffansson ya mu 1970, n'kufufuza pamene Gibbs energy ya chitsulo chonse ili yotsikitsitsa. Mwa mapulogalamu a CALPHAD, Thermo-Calc, FactSage ndi MatCalc ndi zogula. OpenCalphad ndi pycalphad n'zaulere, koma database yabwino ya zitsulo ndiyo imavuta kupeza, ndiye funsani msanga ngati dipatimenti yanu ili ndi laisensi. Musaiwale kuti zotsatira zake ndi za equilibrium. Zimakuuzani zomwe zingapangike chitsulo chitapatsidwa nthawi yokwanira, pomwe pa rolling pamadutsa masekondi ochepa. Ngati mpata ulipo, yerekezani ndi zithunzi za TEM (maikulosikopu ya ma electron), chifukwa timibulu ta ma nanometer ochepa sitioneka pa maikulosikopu wamba.

Pa nkhani ya ntchito, simudzaona malonda ofuna katswiri wa ma carbonitride. Ofunidwa ndi metallurgist m'mafakitale opanga zitsulo, m'makampani a mapaipi a mafuta ndi gasi monga a API 5L X70, opanga magalimoto, ndi oyeza ubwino wa zowotcherera. Pa intavyu angakufunseni chifukwa chake slab ya niobium imang'aluka ikamawongoledwa pa continuous casting. Yankho lake: timibulu ta Nb(C,N) timadzazana m'malire a ma grain a austenite pa madigiri pafupifupi 700 mpaka 900, chitsulo n'kulephera kutamuka. Ofuna kupitiriza ku masters awonjezere Python ndi kinetics ya precipitation chaka chino chisanathe.