Kodi makina a kompyuta adzalanda ntchito ya mwana wanu?

Bambo wina wa ku Katete, amene wagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale yochotsa njere m'thonje, anandilembera imelo sabata yatha. Akuti abwana awo abweretsa makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kutumiza mwana wawo, amene wangomaliza Giredi 12, kukaphunzira za makina, kapena ntchito imeneyi yatsala pang'ono kutha.

Bambo, mwanayo mutumizeni, koma musankhe bwino chimene akaphunzire.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti kale munthu waluso ankamva ndi khutu kuti makina ayamba kulira mwachilendo, ndipo ankangokhudza mota ndi dzanja n'kudziwa kuti yatentha kwambiri. Masiku ano pa motayo amaikapo timasensa toyeza kutentha ndi kunjenjemera, ndipo zimene timasensato tapeza zimapita ku kabokosi kotchedwa PLC, kamene kamalamula makina kuyenda kapena kuima. Kabokosi kameneka kanayamba ntchito m'mafakitale a magalimoto ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kungoti kwathu kuno kafika mochedwa. Nzeru zimene zinali m'makutu ndi m'manja mwanu zasamukira pa sikirini, choncho fakitale imafuna anthu ochepa oimirira pa makina, koma imasowa kwambiri munthu wodziwa chochita sikiriniyo ikaonetsa cholakwika.

Apa ndi pamene pali mwayi wa mwana wanu. Makina otere akafa, nthawi zambiri katswiri amachokera ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa msewu wa Great East, ndipo masiku onse amene akudikiridwa thonje limangounjikana panja. Kuzimazima kwa magetsi, monga tinaonera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, kumaononga zipangizo zimenezi msanga kuposa makina akale achitsulo chokhachokha. Mnyamata wa konkuno amene amatha kuwerenga mapulani a mawaya, kusintha sensa yakufa ndi kufufuza pulogalamu ya PLC sangakhale nthawi yaitali osapeza womuitana. Ayambe ndi maphunziro a zamagetsi pa sukulu yovomerezeka ndi TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso, monga Chipata Trades, kenako awonjezere za makompyuta oyendetsa makina.

Komabe ndikananama ndikanati palibe wotaya ntchito. Amene ndimawadera nkhawa ndi amayi osankha nsawa. Pali makina okhala ndi makamera amene amaona njere iliyonse ikamagwa, n'kuuluzira kumbali yowola kapena ya chuku ndi kamphepo kamphamvu, ndipo amamaliza mofulumira ntchito imene gulu la amayi limathera tsiku lonse. Kwa wodya chiponde zimenezi n'zabwino, chifukwa poizoni wa chuku amaononga chiwindi. Koma ndalama ya ganyu imeneyi ndi imene imagula feteleza ndi yunifomu m'makomo ambiri. Lamulo la ntchito la 2019 limati wochotsedwa chifukwa ntchito yake yatha alandire malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira, koma mayi wolembedwa kwa miyezi itatu yokolola alibe zaka zoti awerengere; chaka chotsatira sangoitanidwa basi.

Tisaiwalenso kuti fakitale ya njinga za Eagle pano pa Chipata sinagwetsedwe ndi kompyuta. Inalephera kupikisana ndi njinga zotchipa zakunja malonda atatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990. Fakitale yokana makina atsopano ikhoza kutseka n'kuchotsa anthu onse nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati tiwakane.

Inunso, Bambo, musadziyese wotha ntchito. Kuyambira 2017 olemba ntchito amalipira msonkho wa 0.5 peresenti pa malipiro a antchito awo kuti uthandize maphunziro a luso, choncho si kupempha mopambanitsa kufunsa abwana, kudzera ku yuniyoni ngati muli nayo, kuti antchito akale aphunzitsidwe makina atsopanowo. Ndipo musanalipire fizi ya mwanayo, pitani naye kusukuluko mukaone ndi maso anu ngati m'chipinda chophunziriramo muli PLC yeniyeni imene ophunzira amalumikiza ndi manja awo, chifukwa kwina amangoijambula pa bolodi.