Ku Santorini, lipirani ulendo wa wotsogolera

Mayi, mwafunsa ngati nkoyenera kulipira ulendo wa theka la tsiku wokhala ndi wotsogolera sitima yanu ikadzaima ku Santorini, kapena mungoyenda nokha. Pachilumba cha ku Greece chimenechi, ine ndikuti lipirani.

Nkhani yagona padoko. Sitima zikuluzikulu sizifika kumtunda, zimaima pamadzi ndipo anthu amapita kugombe pa maboti. Oyenda okha amawatsitsa padoko lakale kunsi kwa tauni ya Fira, ndipo kuti mufike m'tauni pamwambapo, ndi cable car (kangolo koyenda m'mwamba pa chingwe), abulu, kapena masitepe oposa 500 dzuwa likuswa mtengo. Sitima zikachuluka tsiku limodzi, mzere wa cable car umatha kukudyerani ola lathunthu. Olipira ulendo nthawi zambiri amatsikira padoko lina la Athinios, komwe basi imakhala ikuwadikira.

Ngati pali mwayi wosankha, tengani wopita ku Akrotiri. Ndi tauni yomwe inakwiririka ndi phulusa la phiri lophulika zaka pafupifupi 3,600 zapitazo, ndipo katswiri wofukula zinthu zakale Spyridon Marinatos anayamba kuifukula mu 1967. Mudzaona nyumba zosanja, ngalande zodutsa pansi pa misewu, ndi mitsuko ikuluikulu yosungiramo zakudya. Popanda wokufotokozerani, mungangoona makoma basi. Malowo ndi ofoleredwa, mthunzi ulipo. Kumudzi wa Oia nkokongola ndithu, koma masana anthu amachita kupanikizana m'tinjira take.

Funsanitu komwe ulendowo ukathere. Ambiri amathera ku Fira, ndipo potsika mumadzionera nokha. Khalani pamzere wa cable car kudakali ola ndi theka boti lomaliza lisananyamuke. Mukasankha masitepe, valani nsapato zogwira bwino, miyala yake ndi yoterera ndi ndowe za abulu.