Kodi kananzikambe ka pa machesi kaja ndi komwe kali ku Mulanje?

Mayi wina wa ku Phalombe wanditumizira imelo. Akuti anaona pa Facebook chithunzi cha kananzikambe kataima pa mutu wa mtengo wa machesi, ndipo akufunsa ngati ndi mtundu womwe uja umapezeka m'nkhalango za phiri la Mulanje.

Zikomo mayi pofunsa. Ayi, si womwewo. Ka pachithunzipo ndi Brookesia micra, kamene katswiri wa ku Germany, Frank Glaw, ndi anzake anakalengeza mu 2012. Kakakula sikafika ngakhale masentimita atatu, kuphatikiza mchira. Mitundu yonse ya Brookesia imapezeka ku Madagascar kokha, ndipo aka kwawo ndi kochepa zedi: kachilumba kamiyala ka Nosy Hara, kumpoto kwa dzikolo. Masana kamayenda pansi m'masamba ouma. Kukada kamakwera katsinde kafupi n'kugona, ndiye ofufuza amakasaka usiku ndi tochi atawerama. Mu 2021 analengezanso kena, Brookesia nana, ka m'mapiri a Sorata ku Madagascar komweko. Kamuna kake ndi mamilimita 21.6 basi.

Tathu ta ku Mulanje tili m'gulu lina lotchedwa Rhampholeon. Kusokoneza kwanu n'komveka, chifukwa akatswiri enieniwo kwa zaka zambiri ankaika magulu awiriwa pamodzi. Onse ndi a m'banja la ananzikambe lotchedwa Chamaeleonidae, onse ndi ofiirira ngati tsamba louma, a mchira waufupi wosakoleka bwino pa nthambi. Atayeza DNA ndi pamene zinaoneka kuti Rhampholeon ali pachibale kwambiri ndi ananzikambe akuluakulu, ngati aja timakumana nawo pa mpanda, kusiyana ndi Brookesia. Makolo a Brookesia anapatuka kalekale, zaka pafupifupi 65 miliyoni zapitazo, ndipo zikuoneka kuti anachokera ku Africa n'kuwoloka nyanja. Kufananako kwadza chifukwa onse amakhala moyo umodzi wa pansi pa mitengo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti tinyama timeneti sitisamuka. Mtundu umodzi umatha kukhala m'nkhalango imodzi yokha padziko lonse. Kwathu kuno tili ndi Rhampholeon chapmanorum wa ku Malawi Hills, kufupi ndi Nsanje, amene anamulengeza mu 1992. Nkhalango yake inadulidwa kwambiri kuti pakhale minda, moti ena ankaganiza kuti anatheratu, mpaka ofufuza atamupezanso mu 2016 m'timagawo tochepa ta mitengo totsala.

Mukadzaona kananzikambe kotere ku Mulanje, chonde kajambuleni n'kukasiya pomwepo, musapite nako kunyumba.