Funsani Zaulendo: Sitima ya pa Danube mu Disembala, kodi n'kutaya ndalama?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Mwana wanga amagwira ntchito ku Germany ndiye akuti chaka chino ndipite nthawi ya Khirisimasi, kenako tikakwere sitima ya pamtsinje wa Danube ija imaima m'timatauni takalekale. Koma ndikumva zoti nthawi imeneyo kumazizira heve komanso kumada msanga. Kodi tikaonako chani? Kapena tidikire nyengo yotentha? — Mayi wina wowerenga magaziniyi

YANKHO: Mayi, ine ndikuti pitani ndithu, bola masiku musankhe bwino chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka cha pa 23 Disembala ndi nthawi ya misika ya Khirisimasi, timatauni timeneti timakhala tosangalatsa, magetsi ali ngwee, anthu ali pikitipikiti m'misewu. Chaka chatsopano chikangolowa sitima zambiri zimapuma kaye mpaka cha mu Malichi ndipo mashopu ena m'timatauni ting'onoting'ono amatseka, ndiye Januwale ayi.

Za mdima mwamva zoona. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko ndipo ikamakwana 4 koloko masana likulowa kale. Ndiye musanalipire ndalama iliyonse, mwana wanuyo afunse kampaniyo kuti sitima imafika nthawi yanji pa tauni iliyonse komanso imaimapo maola angati. Ambiri amangowerenga mayina a matauni pa pepala n'kusangalala, koma kufika pamalo 9 koloko m'mawa ndi kufikapo 3 koloko masana si ulendo umodzi ayi, winayo waona tauni, winayo waona magetsi okha.

Malo amene ine ndingakonde mufikepo kukuwala ndi Dürnstein, m'chigwa cha Wachau ku Austria. Ndi katauni ka anthu osakwana 1,000, msewu waukulu umodzi basi, tchalitchi chansanja yabuluu chili m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndipo pamwamba paphiri pali mabwinja a nyumba ya malinga momwe anatsekeramo mfumu ya ku England, Richard the Lionheart, atagwidwa mu 1192 pobwerera kunkhondo. Kanjira kokwerera kumeneko ndi kotsetsereka, kukakhala kuti kwagwa chipale musakakamire, mabwinjawo amaoneka bwinobwino muli pansi. Chapafupi pomwepo pali Melk, pomwe amonke a Benedictine akhalapo kuyambira 1089.

Ku Passau, m'dziko la Germany, ndi komwe mitsinje itatu imakumana, Danube, Inn ndi Ilz. Mukatsika sitima musathamangire kumsika, kaimeni kaye pakhoma la holo ya tauni, pamenepo analembapo mizere ndi zaka zosonyeza pomwe madzi osefukira ankafika. Mzere wa 1501 uli pamwamba kwambiri, wa 2013 uli pafupi nawo, ndipo kuti muwerenge muyenera kukweza mutu, apa m'pamene munthu umamvetsa kuti anthu amenewa akhala bwanji ndi mtsinjewu zaka zonsezi.

Regensburg yokha, ku Germany komweko, ndi yokulirapo koma chigawo chake chakale mumayenda wapansi, chili pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa wa bungwe la UNESCO kuyambira 2006. Mlatho wake wamiyala unamangidwa pakati pa 1135 ndi 1146 ndipo anthu akuwolokabe mpaka lero, pambali pake pali kanyumba kowotcha masoseji pamakala, fungo lake lidzakuitanani lokha.

China chimene makampani satchula mokweza ndi madzi. Akachepa kwambiri sitima siyingadutse malo osaya, akachuluka siyingalowe pansi pa milatho, ndiye amakukwezani basi kapena kukusinthirani sitima ina. Funsani mwachindunji kuti zikatero amabweza ndalama kapena ayi, ndipo yankholo likhale lolembedwa.

Pa zovala, anthu amalimbikira jekete n'kuiwala kumapazi. Misewu yakaleyi ndi yamiyala, ikanyowa imaterera ndipo chisanu chimalowera pansi, ndiye nsapato yosalowa madzi, yotsika, yogwira bwino, ndi masokosi okhuthala. Zovala zikhale zophatikiza chifukwa m'sitima ndi m'matchalitchi ena mumafunda, mudzafuna kuvulako china. Magolovesi ndi chipewa chophimba makutu musasiye.

Kumsika tengani ma euro apamanja, ogulitsa ena salandira khadi. Mukagula chakumwa chotentha amawonjezera kandalama ka kapu, amati Pfand, mukabweza kapuyo amakubwezerani, mukaikonda mumapita nayo. Chotchuka ndi Glühwein, vinyo wotenthetsa, koma ngati simumwa mowa itanitsani Kinderpunsch, ndi wa zipatso.

Viza ya Schengen imakwanira ku Germany, Austria, Slovakia ndi Hungary komwe, koma yambani kuiyendera msanga, ndipo ngati ulendo ukukathera ku Budapest, likulu la Hungary, dziwani kuti kumeneko ndalama yawo ndi forint osati euro.