Funsani: Za agogo ndi za pawailesi, ana akhulupirire ziti?

FUNSO: Ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Ngabu. Ana a Fomu 3 akukangana: ena akuti nyerere zikayamba kusamutsa mazira ndiye kuti chimvula ndi madzi osefukira zayandikira, ena akuti n'zachikale, tizimvera a zanyengo basi. Ndiwathandize bwanji kusiyanitsa kudziwa ndi kungokhulupirira?
Mphunzitsi, Ngabu

YANKHO: Aphunzitsi, mkanganowo musauzimitse, phunziro lake ndi lomwelo. M'sukulu zotsata silabasi ya m'mayiko ambiri yotchedwa International Baccalaureate muli phunziro lotchedwa Theory of Knowledge, la maola osachepera 100, ndipo limazungulira pa funso limodzi: wadziwa bwanji? Silabasi yawoyo isakuvutitseni. Pezani kope, rula ndi chitini.

Choyamba, anawo awongole mawu awo. Kungoti "kubwera mvula" n'kosayeseka, pakuti mu Januwale mvula imabwera ndithu, nyerere zisamuke zisasamuke. Agwirizane chonchi: nyerere zikasamuka, mvula yoposa mamilimita 20 igwa pasanathe masiku atatu. Mawu otere angathe kupezeka abodza, ndipo ndiwo oyenera kuyesa.

Chitinicho chikhale choongoka, kukamwa ndi kunsi kofanana. Botolo lopanikiza khosi limanama. Chimangeni pamtengo wozika pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. Yezani madzi ndi rula m'mawa uliwonse 8 koloko, lembani, khuthulani. Mukadikira masana, dzuwa la kuchigwa kuno likhala litamwako kale. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi.

Pamene ambiri amaphonya ndi m'kope. Jambulani mizere inayi: nyerere zasamuka mvula n'kugwa, zasamuka koma osagwa, yagwa nyerere zili chete, zonse zii. Mutu wa munthu umasunga mzere woyamba wokha. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma amene anagonera osachitika palibe amawakumbuka. Mwana woona nyerere alembe tsiku lomwelo, mvula isanagwe, ndipo woyeza chitini akhale wina. Chitani izi kuyambira Disembala mpaka Malichi. Sabata ziwiri sizikuuzani kanthu. Zolosera za pawailesi zilowenso m'kope momwemo, pa mizere yomweyo. Osazikondera poti zanenedwa ndi akatswiri.

Kenaka afunseni: kodi mvula ndi kusefukira n'chinthu chimodzi? Ayi. Madzi ambiri amene amamiza chigwa chino amagwa kumtunda. Ruo amatsika kuchokera kuphiri la Mulanje n'kukathira mu Shire pa Chiromo, ndipo akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh. Kwanu kungathe kuwala dzuwa mtsinje ukukwera. Chitini cha pa Ngabu sichiona mvula ya ku Mulanje, nyerere za pa Ngabu nazonso n'zokayikitsa kuti zingaione. Mwana akazindikira kuti umboni wake ukuyankha funso lina, osati lomwe anafunsa, wapindula kuposa amene wapambana mkangano.

Mauthenga a pa WhatsApp ayesedwe chimodzimodzi: wanena ndani, anaona yekha kapena anangomva, nanga uthengawo ndi wa liti? Zithunzi za namondwe Freddy wa 2023 zikhoza kuzunguliranso ngati za dzulo.

Koma chenjezo losamuka likaperekedwa, auzeni anawo kuti kopelo alinyamule athawe nalo kumtunda. Zowerengera akachitire komweko.